Amasiye Amene Anadumphidwa Pogawa

Mawu a Mulungu: Machitidwe a Atumwi 6:1-7 ndi 2 Samueli 11:6-27

Dandaulo loyamba limene Luka analemba kuti linabuka pakati pa Akhristu linali la chakudya cha amayi amasiye. Mpingo wa ku Yerusalemu unali utangobadwa kumene. Mzimu Woyera anali atatsika, odwala ankachira, anthu ankagulitsa minda n'kudzapereka ndalama kwa atumwi. Koma m'kati mwa madalitso onsewo munali amayi ena amene ankagona ndi njala, anzawo atalandira.

Mumpingomo munali magulu awiri. Ena anali Ahebri, obadwira komweko, olankhula chinenero cha makolo. Ena anali Ayuda amene mabanja awo anabalalikira kumaiko akutali, nakulira m'Chigriki. Mwa amenewa alipo amene ankabwerera ku Yerusalemu atakalamba kuti mafupa awo akagone m'dziko la makolo. Mwamuna akatsogola, mkazi ankatsala yekha mumzinda umene analibemo mlongo, analibemo nkhoswe, ndipo ngakhale chilankhulo cha pamsika chinkamuvuta.

Luka sakunena kuti alipo amene anapangana zoti amayiwa azimanidwa. Ogawa chakudyawo anali anthu opemphera. Kungoti ankadziwa amasiye a kwawo: uyu ndi mlongo wa uje, uyu mwamuna wake tinaika ndife. Mayi wolankhula Chigriki sankamudziwa, ndipo dzina lake silinali m'mutu mwa wonyamula dengu. Munthu akhoza kufa ndi njala ali pakati pa anthu abwino, popanda womuda ndi mmodzi yemwe, chifukwa choti palibe anamulemba.

Ife a kuno ku Maravia nkhani ya kulembedwa ndi kudumphidwa si yachilendo kwa ife. Dziko lino linali la Undi, ndipo Achewa ndi Ansenga ankayenda kuchokera ku Zambezi kukafika kumene lero timati Petauke ndi Katete popanda wowafunsa chiphaso. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire ali kwawo ku Ulaya, mzere n'kudula banja limodzi pakati, malume uko, mbumba yake kuno.

Mu 1926 boma la Portugal linakhazikitsa lamulo logawa anthu a ku Angola ndi Mozambique pawiri, ndipo linalikonzanso mu 1954. Mbali imodzi kunali nzika. Mbali inayo kunali otchedwa indígena, ndiye kuti pafupifupi agogo athu onse. Indígena sankavota, mlandu wake unkathera kwa administrador, ndipo ankayenda ndi kabuku kotchedwa caderneta, mmene munkalembedwa dzina lake, msonkho wake ndi kumene wagwira ntchito. Wolephera msonkho asipayo ankamutenga kupita naye kuchibalo. Akuluakulu amene mukuwerenga mawu ano, ena mwa inu munaona ndi maso anu manja a bambo anu atatupa ndi mbalamatodya, akulephera kugwira ngakhale mbamu ya nsima.

Tsono taonani ichi. Pa msonkho palibe amene anadumphidwa. Wolemba mayina ankafika ndi kumudzi wa kuseri kwa phiri komwe, kumene kunalibe sukulu, kunalibe chipatala, kunalibe msewu. Boma likamafuna kutenga, linkadziwa dzina la aliyense.

Khomo lolowera ku unzika linalipo, koma linali lopapatiza. Wofuna kukhala assimilado ankayenera kupitirira zaka 18, kulankhula bwino Chipwitikizi, kukhala ndi ntchito yodyetsa banja lake, kuonetsa kuti amakhala mwachizungu, ndiponso kuti sanathawe usilikali. Pa kalembera wa 1950, mwa anthu oposa 5 miliyoni a m'Mozambique, opyola khomo limeneli sanafike 5,000. Mukukumbukira mkulu wa asilikali uja amene anauza Paulo kuti unzika wa Roma anachita kugula ndi ndalama zambiri, Paulo n'kumuyankha kuti iye anabadwa nawo (Machitidwe 22:28). Agogo athu anabadwira pano, michombo yawo inakwiriridwa pano, koma ankauzidwa kuti asinthanitse chilankhulo chawo ndi mwambo wawo kuti apeze chinthu chimene mzungu wosadziwa kulemba, wongotsika kumene m'sitima ku Beira, anali nacho kale m'thumba.

Mpingo nawo usadzitame apa. Pangano la 1940 la pakati pa Portugal ndi Vatican, ndi lamulo lotsatira la 1941, zinaika maphunziro a ana a indígena m'manja mwa mishoni, m'sukulu zapadera zotsikirapo kuyerekeza ndi za ana a nzika. Analipo atumiki olimba mtima, monga Bishopu Sebastião Soares de Resende wa ku Beira, amene anadzudzula chibalo poyera. Koma ambiri, a mipingo yosiyanasiyana, anaona n'kukhala chete.

Kunali ntchito ina imene munthu wakuda sankadumphidwa, ndiyo nkhondo. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 Angerezi ndi Apwitikizi omwe ankagwira amuna m'midzi kuti akasenze katundu ndi kukamenyana ndi Ajeremani. M'Novembala 1914 M'busa John Chilembwe wa ku Chiradzulu analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chake munthu amene pa nthawi ya mtendere sawerengedwa kanthu akuitanidwa kukafera nkhondo imene saidziwa mutu wake, n'kusiya akazi ndi ana ali pa umphawi. Kuno kwathu kugwira anthu kotereku ndi chimodzi mwa zimene zinautsa nkhondo ya Makombe ya mu 1917, imene inayambira ku Barue n'kufalikira mpaka ku Zumbo.

Pa 6 Seputembala 1961, nkhondo itabuka ku Angola, nduna Adriano Moreira inathetsa lamulo la indígena. Papepala, tonse tinasanduka nzika za Portugal tsiku limenelo. Mu 1968 Frelimo inatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete, ndipo ife a kumpoto kwa Zambezi, oyandikana ndi Zambia, ndife tinayamba kuulawa motowo. Anyamata ena analowa m'tchire. Ena anatengedwa kupita ku tropa, usilikali wa Apwitikizi. Ena anapatsidwa mfuti kuti azilondera ma aldeamento, midzi yampanda ija imene anthu ankasonkhanitsidwamo mokakamiza. Kawirikawiri chimene chinkagamula mbali ya mnyamata chinali chakuti ndani wayamba kufika pamudzi. Pofika 1973, pafupifupi theka la asilikali a Portugal m'Mozambique anali olembedwa konkuno, ndipo ambiri mwa iwo anali akuda.

Tsopano mvetserani bwino. Pa 24 Juni 1975, kutatsala tsiku limodzi kuti mbendera ya Mozambique ikwere, boma la ku Lisbon linatulutsa lamulo lotchedwa Decreto-Lei 308-A/75. Lamuloli linatchula amene apitirize kukhala nzika za Portugal maiko ano akalandira ufulu: wobadwira ku Portugal, ana ake ndi zidzukulu zake, ndi ena ochepa, monga amene anali atakhala kale ku Portugal zaka zoposa zisanu. Linakumbukiranso amasiye. Mkazi wamasiye wa munthu wobadwira ku Portugal anasunga unzika wake pamodzi ndi ana ake aang'ono. Nanga mkazi wa msilikali wobadwira ku Fingoé, amene anavala yunifolomu yomweyo, nakwera galimoto lomwelo, nafera pa bomba lomwelo? Pamndandandawo iye sanalipo.

Musandimve molakwa. Ufulu unali woyenera, ndipo anthu anaukhetsera magazi. Mayi ameneyu anakhala nzika ya dziko lake lenileni, ndipo chimenecho ndi chamtengo wapatali. Koma ngongole sithera pa kusintha kwa mbendera. Akuluakulu amati mlandu suola. Boma limene linamutengera mwamuna wake linachita naye monga timachitira ndi khasu: likali lakuthwa timayenda nalo paphewa, likatha timaliponya kuseri kwa nyumba.

Kunonso amuna otere sanalandiridwe ndi manja awiri. Amene anatumikira m'magulu ena a atsamunda ankatchedwa comprometidos, ndipo zithunzi zawo zinkapachikidwa pamalo a ntchito, mpaka mu 1982 pamene Samora Machel anakumana nawo ku Maputo n'kutseka nkhaniyo. M'zaka zimenezo mayi wamasiye wochenjera ankaotcha chithunzi cha mwamuna wake, ndi mapepala onse a ku tropa, kuti ana ake asalozedwe chala. Anadziteteza, inde, koma umboni wake unapsera pomwepo.

Buku Lopatulika limamudziwa msilikali wa mtundu wina. Dzina lake ndi Uriya, Mhiti. Sanali wa fuko la Israele, koma ankamenyera nkhondo Israele pa mzinda wa Raba, ndipo dzina lake ndi lomaliza pamndandanda wa ngwazi za Davide (2 Samueli 23:39). Mfumu itamulakwira pa mkazi wake, inamuitanitsa kuti akagone kunyumba kwake, mimba imene mkaziyo anatenga ioneke ngati yake. Uriya anakana. Anati iye sangakadye ndi kukagona pabwino pamene likasa la Mulungu ndi asilikali anzake ali m'misasa. Anamuledzeretsa, koma ngakhale ataledzera anagona pakhomo la mfumu pamodzi ndi antchito. Usiku umenewo mlendo anasunga mwambo wa Israele kuposa mfumu ya Israele.

Ndiye Davide analemba kalata, n'kuipereka m'manja mwa Uriya yemweyo kuti akapatse Yoabu, mkulu wa ankhondo. Taganizani za ulendo umenewo, abale. Munthu akuwoloka Yordano, kalata yomata ili m'chovala chake, akuisamala kuti isanyowe, osadziwa kuti m'katimo mwalembedwa zoti amuike kutsogolo kumene nkhondo yakula, anzake n'kumuthawa. Kukhulupirika kwake ndi kumene kunafikitsa kalatayo yosatsegulidwa. Uthenga wa imfa yake utafika, mfumu inangotumiza mawu kwa Yoabu oti asadandaule, pankhondo anthu amafa. M'mabuku a nyumba yachifumu nkhani inathera pomwepo. Mkazi analira maliro ake, masiku a maliro atatha anatengedwa, ndipo Malemba sakutiuza kuti alipo anamufunsa maganizo.

Koma mutu 11 ukutha ndi mawu oti chinthuchi chinamuipira Yehova, ndipo mutu 12 ukuyamba ndi mneneri Natani ali pakhomo la mfumu. Si zokhazo. Mateyu polemba mndandanda wa makolo a Ambuye Yesu, atafika pa Solomo, anatchula kuti amake anali mkazi wa Uriya (Mateyu 1:6). Dzina limene mfumu inafuna kulifufuta, Mulungu analiika patsamba loyamba la Chipangano Chatsopano. Mayi amene mwamuna wanu anafera m'yunifolomu imene lero simuitchula, imvani: kumwamba dzina lake silinadumphidwe, ndipo lanu silinadumphidwe.

Nkhondo yachiwiri, ya zaka 16 ija, inawonjezera amasiye ena pa oyambawo. Midzi inapsa, mabuku a m'maofesi ambiri anapsa, anthu anathawira ku Zambia, ena ku msasa wa Ukwimi m'boma la Petauke, ndipo ku Malawi kokha kunathawira anthu pafupifupi miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anabwerera ndi ana obadwira kunja, amene anayamba sukulu m'Chingerezi, osadziwa Chipwitikizi. Kodi simukuwaona Ahelene, olankhula Chigriki aja a m'Machitidwe 6? Ali pakati pathu. Timawatchula kuti a ku Zambia aja, pamene agogo awo anagona m'manda a pamudzi pompano.

Lamlungu lililonse amayi anayi akhoza kukhala pamphasa imodzi m'tchalitchi: wina mwamuna wake anali wa Frelimo pa nkhondo ya ufulu, wina anali ku tropa, wina anali msilikali wa boma, wina anali wa Renamo. Pali wachisanu, amene mwamuna wake sanagwirepo mfuti, anangosenzetsedwa katundu tsiku lina osabwereranso. Onsewa amaimba nyimbo imodzi ndipo amamwera chikho chimodzi. Koma mukawafunsa za mapepala mudzaona kusiyana. Gogo amamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa kajumbo, m'kajumbomo muli kajumbo kena, m'kati mwake muli kapepala kofiirira, kong'ambika mopindamo, kodyedwa ndi chiswe m'mphepete. Amakapereka ndi manja awiri. Sadziwa chimene chalembedwapo. Mwina ndi cédula ya kubadwa, mwina ndi khadi la chakudya la kumsasa, mwina ndi lisiti la msonkho wa mu 1970. Zaka zonsezi wakhala akukasunga chifukwa amadziwa kuti tsiku lina adzafunsidwa kuti ndiwe yani, ndipo pakamwa pokha sipadzakwanira.

Kodi malamulo odumpha amasiye amasinthika? Amasinthika. Ku Hong Kong, dera limene Angerezi analilamulira mpaka pa 1 Julaye 1997, kunali amayi amene amuna awo anateteza mzindawo pamene Japan inaulanda mu 1941, koma Britain sinkawawerenga ngati nzika zake zenizeni. Msilikali wina wakale, Jack Edwards, amene anakhalapo mkaidi wa Ajapani, anawamenyera nkhondo zaka zambiri, mpaka nyumba ya malamulo ya ku London inapanga lamulo lowapatsa unzika mu 1996. Mu 1997 inapanga lina la anthu a mitundu yochepa, makamaka amene makolo awo anachokera ku India ndi Pakistan, amene akanatsala opanda dziko chifukwa China sinkawawerenga ngati anthu ake. Tiyamike kuti zinatheka, koma tisaombe m'manja kwambiri. Kuchokera pamene nkhondo inatha mu 1945 kufika 1996 ndi zaka 51, ndipo pofika nthawiyo amayiwo anali atatsala ochepa. Olamulira a dziko lapansi amakonda kulipira ngongole angongole atatha kufa.

Atumwi sanadikire zaka 51. Sanauze odandaulawo kuti akugawanitsa mpingo, sanawauze kuti angopemphera. Anasonkhanitsa okhulupirira onse, navomereza kuti ntchitoyo yawakulira, napempha kuti pasankhidwe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru. Werengani mayina awo pa vesi 5: Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmena ndi Nikolao. Onsewa ndi mayina achigriki. Womalizayo, wa ku Antiokeya, sanabadwe n'komwe Myuda, anachita kulowa. Mpingo unatenga dengu n'kulipereka m'manja mwa anthu a mbali imene inkadumphidwa. Ichi ndi chimene atsamunda sanachitepo, ndipo ndi chimene mipingo yathu imachita movutikira, chifukwa timakonda kuthandiza mlendo koma sitikonda kumupatsa makiyi. Ndipo Luka akuti zitatha izi mawu a Mulungu anafalikira ndipo ophunzira anachuluka kwambiri. Sindikukhulupirira kuti anangoziika moyandikana mwangozi.

Nanga ife, ndani wagwira dengu pampingo pathu? Pamene tikulemba mayina a olandira chimanga m'mwezi wa Febuluwale, kodi mayi wolankhula Chinsenga pakati pa Achewa, kapena Chinyungwe pakati pa Ansenga, amakumbukiridwa? Kodi sitinayambe tanong'onezana kuti uyo mwamuna wake anali wa mbali ija? Chilamulo cha Mose chimatchula mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye pamodzi, n'kuletsa kuwapotozera mlandu, ndipo chifukwa chimene chimapereka n'chakuti Israele nayenso anali kapolo ku Igupto (Deuteronomo 24:17-18). Ife amene makolo athu anayenda ndi caderneta tilibe chowiringula chilichonse tikayamba kusankha amasiye potengera chilankhulo kapena chipani.

Ndiponso malamulo a dziko lathu lero si a mu 1954. Lamulo la za mabanja la 2004 linavomereza ukwati wamwambo ndi wa kutchalitchi, ngati walembetsedwa kuboma. Lamulo la za chuma chamasiye la 2019 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamzere woyamba wa olandira, pamodzi ndi ana. Choncho m'bale amene umabwera maliro asanathe n'kuyamba kuwerenga ng'ombe ndi malata a mlamu wako, dziwa kuti ukulakwira Mulungu ndipo ukulakwiranso lamulo. Lilipo lamulo la 2011 lonena za omenya nkhondo, lilipo thandizo la okalamba lodzera ku bungwe la boma la INAS. Koma zonsezi zimafuna kuti munthu adziwike kuti ndi yani, ndipo lamulo lokhala ku Maputo silimudyetsa gogo wa ku Malowera kapena ku Chiputo amene alibe chiphaso cha BI, alibe ndalama yoyendera, ndipo akalowa muofesi amangoti zyoli chifukwa akulankhulidwa m'chinenero chimene sanaphunzire.

Apa ndi pamene tikufuna asanu ndi awiri athu. Akulu a mpingo, sankhani anthu, amuna ndi amayi, ndipo pakati pawo pakhale olankhula Chinsenga, pakhale wobadwira kumsasa, pakhale mwana wa msilikali wa mbali iliyonse. Ayende khomo ndi khomo, alembe dzina la mayi wamasiye aliyense, wa mpingo wathu ndi amene si wa mpingo wathu, afunse ngati ali ndi chiphaso, ngati ana ndi zidzukulu zimene akulera zinalembetsedwa. Alembi, fukulani mabuku akale a ubatizo ndi a maukwati, pakuti nthawi zina ndi malo okhawo amene dzina la munthu ndi chaka chake zinatsala. Madoda amene munavina paukwati wa mayi ameneyu, pitani mukamuchitire umboni maso anu akali kuona. Achinyamata amene mwaphunzira Chipwitikizi, maphunziro anuwo analipiridwa ndi makasu a amayi omwewa. Khalani pakamwa pawo. Ndipo asungichuma, ndalama ya ulendo wa ku maofesi a ku Fingoé ichoke m'thumba la mpingo, ngakhale zitatanthauza kuti denga la tchalitchi lidikire chaka china.

Musadikire msonkhano wa chaka chamawa. Amayi amene anakwatiwa nthawi ya aldeamento akukalamba, ndipo mvula iliyonse timaika ena. Lamlungu likudzali, pobwera kutchalitchi, aliyense abwere ndi dzina limodzi la mayi wamasiye wa m'mudzi mwake amene akudziwa kuti palibe anamulembapo, alipereke kwa mkulu wa mpingo mapemphero asanayambe. Ambuye atithandize. Amen.